Phunziro la Amai: Kacirombo ka HPV, Khomo la Ciberekero ndi Moyo wa M'nyumba

Kuwerenga: Marko 5:25-34, Levitiko 15:25-27, 1 Akorinto 7:3-5

 Nkhani ya phunziro lino ndi ya kuseri, yonga zija zimene alangizi amakamba atatseka citseko. Ngati muwerenga pagulu, pakhale amai okhaokha, ndipo ana muwatume kunja. Ndidzalankhula mwaulemu monga tinaleredwera, koma sindidzazungulira kwambiri, cifukwa khansa ya khomo la ciberekero ndiyo khansa imene igwira ndi kupha amai ambiri koposa zina zonse muno m'Zambia.

Tiyambe ndi mai wa pa Marko 5. Anataya mwazi zaka 12, anapita kwa ociritsa ambiri, cuma cake conse cinatha, ndipo matenda anangokulirakulira. Baibulo silichula dzina la nthenda yake, ndipo ife tisaikepo dzina lathu. Koma tikawerenga Levitiko 15 tiona cimene nthendayo inacita pa moyo wake wa masiku onse. Monga mwa cilamulo, anali wodetsedwa nthawi yonse ya kutaya mwaziko. Pogona pake panali podetsedwa, pokhala pake panali podetsedwa, ndipo wokhudza zimenezo anadetsedwanso. Taganizani, ngati anali pa banja, banja limenelo linali lotani kwa zaka 12? Ndiye cifukwa cake anadza mozemba, kumbuyo kwa khamu. Ambuye Yesu sanamlole kuti abwerere mozemba. Anamfunafuna kufikira mai uja anafotokoza zonse, ndipo anamuitana monga kholo liitanira mwana wake. Ndifuna kuti mzimu umenewo utitsogolere pa zimene tikambe.

Kacirombo kamene pafupifupi tonse tinakumana nako

Khomo la ciberekero ndi kamlomo kam'munsi ka ciberekero, kamene kali kumapeto kwa njira ya cikazi. Mwazi wa kumwezi umatulukira pamenepo, ndipo pobereka ndi pomwe pamatseguka kuti mwana adutse. Pakhomopo pali malo amene khungu la mitundu iwiri limakumana, lakunja lolimbako ndi lam'kati lofewa. Pamkumano pamenepo ndi pamene matenda akonda kuyambira. Mwa atsikana ang'ono khungu lofewalo limakhala poyera kwambiri, ndipo ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene kuyamba za m'nyumba msanga kuli koopsa. Lamulo la dziko lathu linasinthidwa mu 2023 kuti ukwati uliwonse, ngakhale wa mwambo, ukhale wa anthu okwanitsa zaka 18. Thupi la mwana lomwe ligwirizana nalo lamulolo.

Kacirombo kamene kayambitsa matendawa kachedwa HPV, mwacidule ca Human Papillomavirus. Musakasokoneze ndi HIV. Maina afanana koma ndi tizirombo tosiyana. Dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye anaonetsa kuti khansa iyi icokera ku kacirombo, pamene anapeza mtundu wa 16 mu 1983 ndi wa 18 mu 1984, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Mitundu ya HPV ipitirira 200. Yambiri siicita kanthu. Mitundu ya 6 ndi 11 imatulutsa njerewere kumaliseche, zimene zimanyansa ndi kucititsa manyazi koma sizisanduka khansa. Mitundu ya 16 ndi 18 ilibe cizindikiro ciriconse coonekera, koma iwiri yokhayi ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la ciberekero. Cimene cioneka ndi maso ndico cosaopsa, ndipo coopsaco cimakhala cete.

HPV imapatsirana pokhala malo amodzi, ngakhale pa kukhudzana kwa khungu cabe kumalo obisika. Anthu ambiri amene anakhalapo malo amodzi ndi munthu wina amaitenga nthawi ina m'moyo wao, amuna ndi akazi omwe. Mulungu anatipatsa citetezo ca m'thupi cimene cimagwira nchito ife tili m'tulo, kotero mwa anthu pafupifupi 9 mwa 10 kacirombo kamatha kokha zisanathe zaka 2, mwini wake osadziwa n'komwe kuti kanalipo. Vuto lili mwa ocepa amene kacirombo kamakhazikika. Mwa iwo khungu la pakhomo limayamba kusintha pang'onopang'ono. Madokotala amacha kusinthako CIN 1, CIN 2 ndi CIN 3 monga mwa kuzama kwake. CIN 1 kawirikawiri imabwerera yokha. CIN 2 ndi CIN 3 zifunika kucizidwa. Zonsezi si khansa iai; ndi njira yopita ku khansa, ndipo njirayo ndi yaitali. Bungwe la World Health Organization linena kuti pamapita zaka 15 kufikira 20 mwa mai wa citetezo cabwino, koma zaka 5 kufikira 10 cabe mwa mai amene citetezo cake cafooka. Mai amene ali ndi HIV ali paciopsezo coposa mnzake ka 6. Inu amene mukumwa ma ARV, kumwa mokhulupirika kumathandizanso pa nkhondo iyi.

Anabweretsa ndani?

Pano ndifuna ticedwepo, cifukwa ndi pamene mabanja amagwedezeka. Mai akauzidwa kuti ali ndi kacirombo kopatsirana pogonana, funso loyamba silikhala la mankhwala. Limakhala lakuti, anabweretsa ndani m'nyumba muno? Ena amapita kunyumba ali ndi ukali, nakana amuna ao miyezi. Ena amabisa kakhadi ka kucipatala pansi pa sutikesi poopa kuti abambo akaona adzati ndiwe wayenda. Ndamvapo amai akunong'onezana pa maliro kuti malemu anafa ndi matenda a uhule, ndipo mtima unandiwawa, cifukwa amene anali kunenedwayo anali atagona m'bokosi, wosatha kudziyankhira.

Mvetsetsani bwino apa. Kupima sikungaonetse tsiku limene kacirombo kanalowa, kapena munthu amene anakabweretsa. Kangathe kukhala m'thupi zaka zambiri mwakacetecete ndi kudzaonekera pambuyo pake. Mai amene sanadziwepo mwamuna wina koma wake yekha angathe kukhala nako, cifukwa mwamunayo anakatenga ali mnyamata, ukwati usanamangidwe n'komwe. Mai wamasiye amene amuna ake anamwalira zaka 10 zapitazo, ndipo wadzisunga kucokera tsiku limenelo, angathe kupezeka ndi cilonda lero. Sindikunena kuti cigololo kulibe m'mabanja athu. Tonse tidziwa kuti cilipo, ndipo kukhala ndi abwenzi ambiri, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, kumakulitsa ciopsezo. Chimo ndi chimo ndipo mpingo uli ndi njira yake yoweruzira. Koma pepala la kucipatala la HPV si mboni ya mlandu umenewo. Musalitengere kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo monga umboni, ndipo musalole kuti wina akutsutseni nalo.

Ofufuza m'maiko osiyanasiyana apeza kuti amai ambiri akauzidwa za HPV kapena za cilonda, cilakolako ca m'nyumba cimatsika, amadziona ngati odetsedwa, ndipo ena amamva kuwawa pokhala malo amodzi ngakhale cilondaco pacokha sicipweteka. Izi si zodabwitsa. Thupi la mai limamvera mtima wake. Munthu wamantha amaumitsa thupi, cinyezi sicibwera, ndipo kuwawa kumatsata. Kuwawako kumabalanso mantha ena. Abambo, posadziwa cimene cacitika, amayamba kuganiza zao. Cinthu caching'ono ngati cikhadabo, cimene namwino angathe kucithetsa m'mphindi zocepa, cimafika poziziritsa nyumba caka cathunthu cifukwa ca kusalankhula.

Zizindikiro zosayenera kuzikhalira

HPV ndi zilonda zoyambirira kawirikawiri sizimveka. Mai amalima, amagulitsa pamsika, amayimba m'kwaya, ali bwinobwino. Akulu anati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Ndiye kudikira kuti mumve kuwawa ndi kudikira matenda akule. Komabe pali zinthu zimene mukaziona musagone nazo sabata: kuona mwazi mutakhala malo amodzi ndi abambo, mwazi wobwera pakati pa mwezi, mwazi wobweranso mutaleka kale kupita kumwezi, cikazi camadzimadzi kapena conunkha cimene sicimva mankhwala, ndi kuwawa kwa m'ciuno kosatha. Inu acembere anzanga, mwazi ukabweranso pambuyo pa caka kapena zaka mutaleka, musaseke n'kumati utsikana wabwerera. Pitani kucipatala.

Si mwazi uliwonse umene uli khansa. Matenda ena opatsirana pogonana, tinyama tosaopsa tomera pakhomo, kuuma kwa ukalamba, ngakhale likodzo lotengedwa m'madambo ndi m'mitsinje, zonsezi zimatulutsa mwazi pamalo omwewo, ndipo zili ndi mankhwala ake. Wosiyanitsa ndi uyo waona ndi maso, osati mnansi amene angomva nkhani.

Kupimako kumacitika motani

Ambiri amaopa cifukwa ca zimene anamva, zakuti amatulutsa ciberekero kunja, kucitsuka, ndi kucibwezera. Zimenezo ndi zabodza. Nchito yopima amai m'zipatala za boma inayamba mu Lusaka mu 2006, pamene Unduna wa Zaumoyo unagwirizana ndi bungwe la CIDRZ, motsogozedwa ndi Dr Mulindi Mwanahamuntu ndi Prof. Groesbeck Parham, ndipo inafalikira m'zigawo zonse. Opima ambiri ndi anamwino, amai anzathu. Mumagona cagada, namwino amalowetsa kacitsulo kapena kapulasitiki kotsegulira njira kuti aone khomo, napaka viniga wocepa mphamvu, wofanana ndi uja wa m'khichini. Pakapita mphindi imodzi, malo amene khungu lasintha amayera. Kacitsuloko kamazizira ndipo sikakoma, koma mukapuma mofatsa ndi kumasula miyendo, zimatha m'mphindi zocepa.

Masiku ano m'malo ambiri mulinso kupima kwa HPV kwenikweni, kumene amatenga tamadzi ta m'njira ndi kathonje ka pa kamtengo, ndipo mai angathe kudzitengera yekha kuseri. World Health Organization imalangiza kuti kupima kumeneku kuyambe pa zaka 30 ndi kubwerezedwa pa zaka 5 kufikira 10, koma kwa amai a HIV kuyambe pa zaka 25 ndi kubwerezedwa pa zaka 3 kufikira 5. Namwino wanu adzakulemberani tsiku lobwerera monga mwa njira imene wagwiritsa nchito. Funsani pakiliniki yanu, kapena ku zipatala za mpingo wathu monga Nyanje ndi Kamoto, kuti akuuzeni masiku ndi malo opimira.

Cilonda cikakhala cacing'ono, nthawi zambiri amaciza tsiku lomwelo, pocitentha ndi kacipangizo kwa kanthawi kosakwana mphindi, kapena pociziziritsa ndi mpweya wozizira koopsa. Cikakhala cacikulu amakutumizani kuti akacidule ndi kawaya kamagetsi, njira yochedwa LEEP, atabaya mankhwala oletsa kuwawa. Ciberekero cimatsala m'malo mwake. Kutentha kapena kuziziritsa sikutseka mimba. LEEP imakulitsako pang'ono mpata wakuti mwana adzabadwe masiku asanakwane, kotero mai amene anacitidwa LEEP akadzaima anene ku sikelo pa ulendo woyamba.

Masabata 4

Apa ndi pamene cithandizo cabwino cimaonongekera, osati kucipatala koma kucipinda. Mukacizidwa, pakhomo pamatsala bala, ndipo pamatuluka madzi, nthawi zina osakanikirana ndi timwazi, kwa masabata angapo. Lamulo ndi lakuti kwa masabata 4 musakhale malo amodzi ndipo musalowetse kanthu kalikonse, kaya cala, nsalu kapena mankhwala. Bala lotseguka limavulala msanga ndipo ndi khomo la matenda ena. Mukamva kutentha thupi, kuwawa kwambiri m'mimba, fungo loipa kapena mwazi woposa wa kumwezi, bwererani msanga. Pakatha caka mupitenso kuti aone ngati zonse zili bwino.

Ife tinalangizidwa kuti mwamuna sakanizidwa, ndipo ambiri timaloza ku 1 Akorinto 7. Koma werenganinso bwino ndimeyo. Paulo apereka ulamuliro pa thupi mbali zonse ziwiri, mwamuna pa mkazi ndi mkazi pa mwamuna mofanana, ndipo alola kuti awiriwo apumule kwa nthawi atagwirizana. Mwamuna amene thupi la mkazi wake lili m'manja mwake ali ndi udindo wolisunga kuti lipole. Ngati timadziwa kudikira mai akabereka, tilephera bwanji masabata 4? Nzeru yanga ndi yakuti muwauze abambo musanapite kukapimitsa, osati mutabwerako. Auzeni kuti mwina adzakucizani tsiku lomwelo ndipo padzakhala masiku odikira. Ngati n'kotheka apite nanu, amve okha kucokera kwa namwino, cifukwa amuna ena mau a mkazi amawapeputsa koma a munthu wa yunifolomu amawamva. Pamene mai aona kuti kunyumba sadzamvedwa konse, anene poyera kwa namwino, amene adzampatsa makondomu ndi kumuuza zocita. Ndipo ngati pali kukakamiza kapena kumenya, imeneyo si nkhani ya kupirira. Auze amai abusa kapena mlangizi wokhulupirika.

Bala likapola, moyo wa m'nyumba umabwerera monga kale. Amai ambiri amapezanso mtendere woposa, cifukwa mantha acoka. Yambani modekha, ndipo kukakhala kouma, m'mafamase muli mafuta opangidwira nchito imeneyo. Palibe chimo kuwagula.

Mau kwa alangizi

Ambiri a inu ndinu alangizi, ndipo atsikana athu amamva inu koposa aphunzitsi ndi anamwino. Ndikupemphani tione pamodzi zina zimene tinalandira. Kuika mizu, masamba, mcere, miyala yopera, nsalu kapena nsunko m'njira kuti mukhale mouma ndi mothina kumang'amba khungu lofewa ndi kupha tizirombo tabwino timene Mulungu anaika m'menemo kuti tisunge malowo. Khungu long'ambika ndilo HPV imafuna kuti ilowe. Cinyezi ca mkazi si uve ndipo si cizindikiro ca kuyendayenda, ndi cilengedwe. Kusamba ndi madzi kunja n'kokwanira, m'kati mumadziyeretsa mokha. Cimodzimodzi kudula zomera kumaliseche ndi lezala kunyumba, poti ndi mauka, kumabweretsa mwazi ndi matenda, ndipo kacirombo kamatsala pomwepo. Fodya wokoka nayenso amafooketsa citetezo ca pakhomo la ciberekero. Zabwino za cilangizo cathu, ulemu, ukhondo, kusunga cinsinsi ca nyumba, tizisunge. Izi zokha tizisiye, ndipo m'malo mwake tionjezepo phunziro la kupimitsa. Makondomu amacepetsa HPV koma sachinga kotheratu, cifukwa saphimba khungu lonse. Mdulidwe wa amuna wa kucipatala nawonso umacepetsa.

Kwa amene khansa inawafika kale, cithandizo cilipo ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007, ndipo ikapezeka msanga imacizika. Koma tiyenera kudziwa mtengo wake pa thupi. Kuotcha ndi makina kumaumitsa ndi kucepetsa njira, ndipo kumaleketsa kumwezi ngakhale mai ali wamng'ono. Amai otere amabwerera kumudzi ali amoyo koma ndi mafunso amene alibe womufunsa. Pokawaona tisamangopita ndi ufa ndi nyimbo cabe. Mmodzi wacikulire atsale pambuyo, afunse mwakacetecete za kunyumba, ndi kumlimbikitsa kuti akanene kwa madokotala, pakuti ali ndi njira zothandizira kuti njirayo isatsekeke.

Ana athu aakazi

Katemera wa HPV anayesedwa m'cigawo ca Lusaka kuyambira mu 2013, nafalitsidwa dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 boma linatemera atsikana a zaka 9 kufikira 14. Amagwira bwino nchito akaperekedwa mwana asanakumane ndi kacirombo, ndiye cifukwa cake amapatsa ang'onoang'ono. Kusukulu kumene ndiphunzitsa ndaona atsikana akubisala tsiku la katemera, ndipo ukawafunsa amati amai anandiuza kuti ndi wotseka mimba. Katemerayu wakhala akuperekedwa padziko kuyambira mu 2006, ndipo atsikana amene analandira zaka zoyambazo lero ndi amai a ana. Saphunzitsanso mwana ciwerewere, monga katemera wa kafumbata saphunzitsa mwana kuponda misomali. Mwana wanu angadzisunge kufikira tsiku la ukwati, koma za mnyamata amene adzamkwatira simuzidziwa. Katemera saciza kacirombo kamene kalowa kale, ndipo wotemeredwa adzafunikabe kupimitsa akakula.

Mu 2020 maiko a dziko lapansi anapangana kuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 akhale atatemeredwa, amai 70 mwa 100 akhale atapimidwa, ndipo 90 mwa 100 a opezeka ndi vuto akhale atacizidwa. Manambala amenewo amakwanira ndi amai onga ife. Pa msonkhano wanu wotsatira, amai a pampando atume awiri kukafunsa kukiliniki tsiku limene anamwino angalandire gulu, ndipo mugwirizane za mayendedwe a okhala kutali. Lembani maina a ofuna kupita, koma zotsatira za munthu zisalembedwe m'buku lililonse ndipo zisafunsidwe pagulu. Amai abusa, madikoni ndi ife a m'komiti tikhale oyamba pa mzere, ndipo musaiwale kuitana amasiye.